Uvuni wa njerwa kuseri kwa nyumba: kamangidwe kake ndi masamu ake kwa ophika a ku Neno

Pa Zalewa, pa Lisungwi, pa Ligowe ngakhale pa Neno Boma, mabanzi ndi masikono ndi malonda osagona. M'mawa amagulidwa ndi eni malo omwera tiyi, masana ana a sukulu, madzulo apaulendo. Koma ophika ambiri akadali pa njira yakale ija ya poto kapena beseni pa makala, lata pamwamba, makala enanso palatapo. Njirayi imatulutsa zochepa pa nthawi imodzi, imadya makala ambiri, ndipo kawirikawiri pansi pamapserera m'kati musanapse. Banzi lililonse lopserera ndi mpamba wotayika.

Uvuni wa njerwa wosonkhezera nkhuni umathetsa mavuto atatu onsewa ngati wamangidwa bwino. Ndi uvuni wa mtundu womwewu umene anthu a mumzinda wa Naples ku Italy amaphikiramo pizza, luso lomwe bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kusungidwa mu 2017. Kumeneko ndi wa pizza, koma kwa wageni wa ku Neno ndi wa buledi, mabanzi, masikono ndi chigumu, pizza n'kubwera ngati chowonjezera.

Chifukwa chake ukuyenera ku Neno

Boma la Neno, lomwe linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, linali ndi anthu oposa 138,000 pa kalembera wa 2018, ndipo ambiri amakhala kumidzi komwe magetsi sanafike. Ngakhale magetsi a dziko lino amapangidwa pafupi pomwepa, pa Nkula ndi pa Tedzani mumtsinje wa Shire, uvuni wamagetsi ndi wodula kugula, komanso umaima magetsi akazima, mtanda uli m'kati. Buledi wochokera ku Blantyre amafika mosavuta pa Zalewa, koma kuti akwere mapiri kukafika ku Boma ndi kwa Dambe m'nyengo ya dzinja, msewu umamuchedwetsa ndipo mtengo umakwera. Mpata umenewu ndi wa wophika wa komweko.

Chinanso n'chakuti kumtunda kwa Neno, monganso ku Tsangano m'boma la Ntcheu, alimi amalima tirigu. Dziko la Malawi limaitanitsa kunja pafupifupi tirigu yense amene limagwiritsa ntchito, n'chifukwa chake mtengo wa fulawa unakwera nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022, n'kukweranso kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Tirigu wa m'mudzi wogayitsa kuchigayo amatulutsa buledi woderako komanso wolemera, koma wophika akhoza kumusakaniza ndi fulawa wa m'sitolo kuti achepetse ndalama zogulira.

Mmene umagwirira ntchito

Uvuniwu umaoneka ngati mphika waukulu wovundikira pansi, wokhala ndi khomo limodzi. Moto umayatsidwa m'kati momwemo mophikira. Malawi amanyambita denga, njerwa n'kumamwa kutentha pang'onopang'ono. Moto ukachotsedwa, njerwazo zimabweza kutenthako kuchokera pansi, m'mbali ndi pamwamba nthawi imodzi. Ndiye kuti chimene chimaphika si moto ayi, koma njerwa.

Mfundo imeneyi ndiyo imalamulira kamangidwe konse. Njerwa zikhale zokwanira kusunga kutentha, ndipo pansi pake ndi pamwamba pake pakhale chotchinga kuti kutenthako kusathawire m'nthaka kapena mumphepo. Uvuni wopanda chotchinga umapsereza nkhuni zambiri koma n'kuzizira ukangophika kamodzi.

Zoyenera kusonkhanitsa

Womanga asanagule kanthu ayambe wayeza mathireyi amene aziphikira. Ambiri amamanga kaye n'kudzazindikira mochedwa kuti thireyi sikulowa pakhomo. Kwa geni ya pakhomo, uvuni wotambalala mita imodzi m'kati mwake ndi wokwanira.

Uvuni wotere pamodzi ndi nsanja yake umafuna njerwa zootcha pakati pa 400 ndi 500, malinga ndi kukula kwa chikombole chomwe anaumbira. Njerwa yopsa bwino imalira ngati chitsulo ikagundidwa ndi inzake. Yolira mogonthera ndi yosapsa ndipo idzayoyoka. Zosalala ndi zolimba kwambiri zipatulidwe kuti zikhale za pansi pophikira. Pafunikanso dothi la makande kapena la pachulu, mchenga wa kumtsinje, phulusa louma, utuchi kapena mankhusu, mabotolo agalasi opanda kanthu, nyuzipepala zakale, thabwa lochindikala la chitseko, ndi malata ochepa a denga.

Simenti ndi ya nsanja yokha. Pomwe pamafika moto simenti imang'aluka ndi kufumbutuka, kotero denga la uvuni limamangidwa ndi matope. Matope abwino ndi gawo limodzi la dothi pa magawo awiri kapena atatu a mchenga, koma dothi limasiyana malo ndi malo. Njira yodziwira ndi kuumba tizidina titatu tosakaniza mosiyanasiyana n'kutiyanika padzuwa. Kong'aluka kachuluka dothi, kofumbutuka kachuluka mchenga, ndipo kouma kolimba kopanda mng'alu ndiko muyeso woyenera kutsatira. Miyala ya mumtsinje isayikidwe pomwe pali moto chifukwa ina imasunga madzi m'kati ndipo imaphulika ikatentha.

Malo ndi nsanja

Malo akhale okwera, osadikha madzi, otalikirana ndi denga la udzu, nkhokwe, khola ndi chimbudzi. Khomo la uvuni lisayang'ane komwe kumachokera mphepo nthawi zambiri, chifukwa mphepo imabwezera utsi m'kati ndi kuziziritsa njerwa. Kumtunda kwa Neno, komwe miyezi ya June ndi July imazizira kwambiri, mfundoyi ndi yofunika koposa.

Nsanja ikhale mita imodzi ndi theka mbali zonse, ndipo msinkhu wake ufike cha m'chiuno kuti wophika asamawerame tsiku lonse. Pakumbidwe maziko osaya, pamangidwe zipupa zinayi za njerwa, m'kati mwake muthiridwe zibuma ndi dothi, n'kumatsendera kolimba gawo lililonse. Kutsendera mwaulesi kumachititsa kuti pansi padzatitimire pakapita miyezi, ndipo pansi pakatitimira denga limang'aluka.

Pakatsala masentimita 20 kuti nsanja idzaze, ayale mabotolo chogona, moyandikana koma osagundana, n'kudzaza mipata yake ndi phulusa louma kapena utuchi wosakaniza ndi matope amadzimadzi. Mpweya wa m'mabotolomo ndiwo umatchinga kutentha kuti kusatsikire pansi. Pamwamba pa mabotolo pabwere matope ochindikala masentimita pafupifupi 7, ndipo akauma pathiridwe mchenga wosefa wochepa, wosalazidwa bwino.

Pansi pophikira

Njerwa za pansi zimayalidwa pamchengapo popanda matope pakati pake, mothithikana kwambiri. Iliyonse igogodedwe pang'ono ndi thabwa mpaka zonse zifanane msinkhu, chifukwa njerwa imodzi yotumphuka imakola thireyi nthawi zonse. Timipata totsala timadzadza tokha ndi phulusa. Ubwino wosamata ndi wakuti njerwa ikadzasweka imazulidwa n'kuikapo ina popanda kugumula uvuni.

Akamaliza kuyala, womanga akhome msomali pakati, amangirire chingwe cha masentimita 50, n'kujambula mzere wozungulira ndi khala. Mzere umenewu ndiwo malire a m'kati mwa uvuni.

Khomo ndi denga

Apa ndi pamene pagona luso lonse. Amisiri a mauvuni otere amatsatira muyeso wakuti msinkhu wa khomo ukhale magawo 63 pa 100 a msinkhu wa denga la m'kati. Denga likakhala masentimita 45 kuchokera pansi pophikira, khomo likhale masentimita 28. Chifukwa chake n'chakuti khomo limodzi lomwelo limagwira ntchito ziwiri: mpweya wozizira umalowera m'munsi kukakoleza moto, utsi n'kumatulukira m'mwamba. Khomo likatalika kwambiri kutentha kumathawa, likafupika kwambiri moto umatsamwa ndi utsi. M'lifupi likhale masentimita 45 mpaka 50, bola thireyi izilowa mosakhula.

Khomo ndilo limayamba kumangidwa, njerwa zake zikukhota pamwamba pa thabwa kapena ndowa yakale yomwe idzachotsedwe matope akagwira. Kenako m'kati mwa mzere uja muunjikidwe mchenga wonyowa, kuuumba ngati chulu chosalala mpaka ufike masentimita 45 pakati. Kamtengo kodulidwa pa muyesowo n'kuzikidwa pakati kamathandiza kuti msinkhu usaphonyeke. Chulucho chikutidwe ndi nyuzipepala zonyowa kuti matope asamatirire kumchenga.

Njerwa za denga zimadulidwa pakati n'kuviikidwa m'madzi kanthawi kochepa. Zimayalidwa mozungulira chulu cha mchenga, mzere ndi mzere, uliwonse ukupendekera m'kati kuposa wa pansi pake. Mbali ya m'kati njerwa zigundane ndithu, matope ndi tizidutswa ta njerwa zidzaze mpata wotseguka wa kunja. Mfundo za mzere wina zisalunjikane ndi za mzere wapansi, monga mmene zimakhalira pomanga nyumba. Njerwa yotsiriza ya pamwamba isemedwe kuti ilowe mothina, chifukwa ndiyo imakhoma denga lonse.

Wofuna chumuni achiike kutsogolo, kunja kwa chitseko, osati pamwamba pa denga. Bowo la pamwamba limatulutsa kutentha komwe kumayenera kuphika. Uvuni wa panja umagwira ntchito bwinobwino popanda chumuni, kungoti kumaso kwake kumada ndi mwaye.

Pakatha masiku atatu kapena anayi matope atalimba, mchenga ufukulidwe pang'onopang'ono kudzera pakhomo.

Chofunda cha uvuni

Njerwa zokha sizikwanira. Pamwamba pake pamatidwe matope osakaniza ndi utuchi wambiri, mankhusu kapena udzu wodulidwa, ochindikala masentimita 10 kapena kuposa. Osakanizawa akhale opepuka, utuchi wochuluka kuposa dothi, ndipo asatsenderedwe. Akauma, azire pamwamba ndi dothi losalala. Chizindikiro cha chofunda chabwino n'chakuti munthu amatha kugwira kunja kwa uvuni ndi dzanja m'kati mukuyaka moto.

Chitseko chikhale cha thabwa lochindikala lokhala ndi chogwirira, lodulidwa molingana ndi khomo. Chimaviikidwa m'madzi asanatseke, zomwe zimachiteteza kuti chisapse komanso zimapereka nthunzi yokometsa khungu la buledi. Pomaliza pamangidwe kachisakasa ka malata, kotalikirako ndi uvuni. Mdani wamkulu wa uvuni wa matope ndi mvula, n'chifukwa chake nthawi yabwino yomanga ndi ya chilimwe, kuyambira May mpaka October.

Kuumitsa: kuthamanga sikufika

Mauvuni ambiri amaonongeka tsiku loyamba. Mwini wake, poona kuti ndalama zalowa, amasonkha chimoto chachikulu kuti ayambe kugulitsa mawa lake. Madzi otsalira m'matope amasanduka nthunzi mwadzidzidzi n'kung'amba denga.

Uvuni watsopano usiyidwe sabata imodzi kapena ziwiri khomo lili lotsegula. Zikatero payatsidwe kamoto ka tinkhuni tating'ono kwa ola limodzi, mawa lake kokulirapo pang'ono, mpaka masiku asanu kapena asanu ndi awiri. Nthunzi ikasiya kutuluka m'chofunda ndiye kuti wauma. Timing'alu tating'ono ngati tsitsi sitodetsa nkhawa, timamatidwa ndi matope omwe aja. Mng'alu wolowa chala kapena wotulutsa utsi ndiwo wofunika kukonza asanaphikemo.

Kuphika motsatira kutentha

Kusonkha moto kumatenga ola limodzi ndi theka mpaka maola awiri. Poyamba denga la m'kati limada bii ndi mwaye. Kutentha kukayandikira madigiri 400 mwaye uja umapsa, njerwa n'kuyeranso. Ichi ndicho chizindikiro chakuti uvuni wakhuta moto.

Nthawi imeneyo ndi ya pizza. Makala amakankhidwira mbali imodzi, lawi laling'ono likuyakabe, ndipo pizza imayalidwa panjerwa penipeni. Ku Naples imapsa pa mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka. Mu uvuni wa pakhomo ingatenge mphindi ziwiri mpaka zinayi, ndipo iyenera kutembenuzidwa kuti mbali ya kumoto isapserere.

Za buledi ndi zina. Makala onse amakokedwera m'ndowa yachitsulo n'kuzimitsidwa, ndipo amakagwiranso ntchito pambaula. Pansi pamapukutidwa ndi chiguduli chonyowa chomangirira kumtengo, chitseko n'kutsekedwa kwa mphindi 15 mpaka 20 kuti kutentha kufalikire mofanana. Wopanda chipangizo choyezera awaze fulawa pang'ono panjerwa: akada nthawi yomweyo n'kufuka, uvuni ukadali wolusa, akamafiira pang'onopang'ono, nthawi yakwana. Buledi amafuna madigiri 220 mpaka 230, mabanzi ndi masikono cha m'ma 200, chigumu ndi makeke cha m'ma 180. Kutentha kotsalira kumakazinga mtedza ndi kuotcha mbatata, ndipo usiku nkhuni za mawa zikhoza kuumitsidwiramo uvuni utazirala ndithu, mopanda khala ndi limodzi lomwe.

Phindu la uvuniwu lagona pa ndondomeko imeneyi. Moto ndi umodzi, koma zophikidwa ndi zinayi kapena zisanu. Wosonkha moto chifukwa cha thireyi imodzi yokha akuotcha ndalama. Mtanda wa zonse uyenera kukhala wokonzeka pa nthawi yake, chifukwa uvuni sudikira munthu. Komanso uvuni wophikiramo tsiku ndi tsiku umadya nkhuni zochepa kusiyana ndi wa kamodzi pa sabata, poti m'mawa umapezeka ukadali wofunda. Apa ndi pomwe magulu a banki mkhonde angapindule: uvuni umodzi, ophika angapo osinthana, nkhuni zosonkherana.

Kodi pizza ili ndi msika?

Mtanda wake ndi wosavuta. Kilogalamu imodzi ya fulawa, madzi opitirira pang'ono theka la lita, mchere masupuni aang'ono anayi ndi yisiti pang'ono zimatulutsa pizza zisanu ndi imodzi zapakatikati. Tomato, anyezi, tsabola wobiriwira ndi nyama ya nkhuku kapena ya mbuzi zimapezeka m'misika ya m'bomali. Vuto ndi tchizi: ndi wodula, amachokera m'masitolo a mumzinda, ndipo amafuna firiji.

Chotero pizza si yoyala pabenchi kudikira wodutsa. Ndi ya ooda, monga ogwira ntchito m'maofesi, m'zipatala ndi m'mabungwe pa Boma ndi pa Lisungwi, eni malo ogona alendo, ndi a zikondwerero za kumapeto kwa mwezi. Wanzeru amalandiriratu gawo la ndalama asanagule tchizi. Msana wa geniyi ndi mabanzi, masikono ndi buledi, zomwe zimagulidwa tsiku lililonse.

Nkhuni, lamulo ndi ukhondo

Neno ndi boma lomwe mitengo yake yatha kwambiri chifukwa cha makala, monga aliyense wodutsa pa Zalewa amaonera. Lamulo la nkhalango lomwe linakonzedwanso mu 2020 linakhwimitsa zilango kwa odula mitengo ndi ootcha kapena kugulitsa makala popanda chilolezo, ndipo nkhalango zotetezedwa monga ya Tsamba si malo otolako nkhuni za geni. Wophika wodalira nkhuni zakuba wamanga bizinesi yake pamchenga.

Mwayi wake ndi wakuti uvuni wa njerwa sufuna zipika kapena makala. Umayaka bwino ndi nthambi zing'onozing'ono zouma, mitengo ya nandolo akakolola, zitsononkho, ndi nthambi zosadzulidwa ku bulugamu, kesha kapena gliricidia wa pakhomo. Wofuna kukhalitsa pa geniyi adzale mitengo yake chaka chomwe wamanga uvuni. Nkhuni zaziwisi zimangofuka osatenthetsa. Matabwa opaka penti, mapolo omwetsedwa mankhwala, mapulasitiki ndi matayala zisalowe mu uvuni ngakhale poyatsira, chifukwa utsi wake ndi poizoni ndipo umalowa m'chakudya.

Pa ukhondo, mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unachititsa makhonsolo ena kuletsa malonda a zakudya zophikaphika, ndipo ovutika anali amalonda aang'ono. Madzi otetezedwa okandira mtanda, malo osambira m'manja ndi chovundikira pa malonda ndi mbali ya mpamba. Ndi bwinonso kufunsa ku khonsolo ndi kwa alangizi a zaumoyo za ziphaso zofunika, makamaka kwa wofuna kuperekera m'magolosale.

Masamu asanayambe kumanga

Mitengo ya njerwa, malata ndi fulawa ikusintha pafupipafupi ndipo imasiyana pakati pa Zalewa ndi kumtunda, choncho womanga afunse mitengo ya sabata yomweyo n'kulemba m'kope. Tsamba loyamba likhale la zomangira: njerwa, thumba la simenti, malata, mayendedwe ndi malipiro a mmisiri. Lachiwiri likhale la kuphika kumodzi: fulawa, shuga, yisiti, mafuta, mchere, nkhuni, zokulungira, chiphaso cha pamsika, osaiwala malipiro a wophika mwini. Ndalama zogulitsa zikachotsedwa za tsamba lachiwiri, chotsalacho ndicho phindu la tsiku. Ndalama za tsamba loyamba zikagawidwa ndi phindulo, pamatuluka chiwerengero cha masiku omwe uvuni udzabwezere mpamba wake.

Chida chomwe ambiri amachinyoza ndi sikelo. Kilogalamu imodzi ya fulawa imatulutsa mtanda wolemera pafupifupi magalamu 1,650. Wodula magalamu 60 pa banzi amapeza mabanzi 27. Dzanja likalemera n'kumadula magalamu 70, amatuluka 23 okha. Pa makilogalamu 10 a fulawa ndiye kuti mabanzi 40 asowa, pomwe mtengo wa banzi pamsika ndi womwewo. Kusiyana kumeneku kokha kukhoza kulipira nkhuni za tsikulo.

Chotsiriza ndi kupezeratu ogula. Asanaumbe ndi njerwa imodzi yomwe, wophika ayendere malo omwera tiyi, magolosale ndi ogulitsa pafupi ndi sukulu, amve kuti angatenge angati pa tsiku, nthawi yanji, ndipo azilipira liti. Chiwerengero chimenecho ndicho chiyenera kulamula kukula kwa uvuni. Waukulu kuposa msika wake umadya nkhuni pachabe, ndipo wophikira anthu ongotenga pangongole amatseka khomo la uvuni mwezi usanathe.